Madambo ochita kupanga: ntchito ya bango, gumbwa ndi njedza poteteza madzi a nyanja ku Nkhotakota

Dambo lochita kupanga ndi malo osaya amene anthu amakumba ndi kuwakonza mwadala, n'kubzalamo zomera za m'madzi monga bango, gumbwa ndi njedza, kuti madzi akuda ochokera m'minda, m'misika, m'sukulu kapena m'nyumba adutsemo pang'onopang'ono asanakathire mumtsinje kapena m'nyanja. Ntchito yake ndi yomwe ija imene madambo achilengedwe akhala akugwira kuyambira kalekale: kuchepetsa liwiro la madzi, kugwira matope, ndi kuchotsamo michere yochuluka mopitirira muyeso. Kusiyana kwake n'kwakuti kukula kwake, kuya kwake ndi njira ya madzi zimachita kuyezedwa, ndipo pamakhala munthu kapena gulu lolisamalira.

M'boma la Nkhotakota nkhaniyi ikukhudza mlimi wa mpunga ndi wa nzimbe, msodzi, wogulitsa nsomba, mwini malo ogona alendo, ndi aliyense wotunga madzi m'mbali mwa nyanja.

Michere: chuma m'munda, vuto m'nyanja

Mlimi aliyense amene anagulapo feteleza amadziwa manambala olembedwa pathumba, monga 23:21:0+4S. Nambala yoyamba imaimira nayitirojeni, yachiwiri fosiforasi. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni. Michere iwiriyi ndi imene imabiriwitsa chimanga ndi kukhwimitsa mizu yake. Imapezekanso m'ndowe, mumkodzo, m'zimbudzi, m'matumbo a nsomba otayidwa padoko, m'phulusa, ndi mu sopo wina wochapira.

Ikafika m'nyanja, michereyi siisiya khalidwe lake. Imadyetsa ndere, tizomera tating'onoting'ono timene timayandama m'madzi kapena kumata pamiyala. Ndere pamlingo wake ndi chiyambi cha chakudya chonse cha m'nyanja: tizilombo ta m'madzi timadya ndere, usipa umadya tizilomboto, mcheni ndi kampango amadya nsomba zing'onozing'ono. Koma zikachuluka, madzi amasanduka obiriwira, kuwala kwa dzuwa kumalephera kufika pansi, ndipo nderezo zikafa n'kuyamba kuwola, mabakiteriya oziwoletsa amatha mpweya wa okosijeni umene nsomba zimapuma. Mitundu ina ya ndere imatulutsanso poizoni wodwalitsa anthu ndi ziweto.

Nyanja ya Malawi ikadali imodzi mwa nyanja zoyera madzi padziko lapansi, ndipo kukula kwake kungamunyenge munthu kuti palibe chimene chingaisinthe. Ndi yotambalala masikweya kilomita pafupifupi 29,600, ndipo kumpoto imaya mamita pafupifupi 700. Komabe potulukira pake ndi pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ambiri amene nyanjayi imataya chaka chilichonse, pafupifupi magawo anayi mwa asanu, amauma ndi dzuwa osati kutuluka ndi Shire. Madzi akamauluka ngati nthunzi, michere imatsala. Kuti madzi onse a m'nyanjayi atuluke kudzera mu Shire pangatenge zaka mazana angapo. Kuwonjezera apo, kuyambira pakuya kwa mamita pafupifupi 250 kupita pansi mulibe okosijeni ngakhale pang'ono, kotero nsomba zonse zimakhala m'madzi apamwamba ndi a m'mphepete, kumene mitsinje imathira zimene yanyamula.

Zimene zinachitikira nyanja ya Victoria ndi umboni wokwanira. Kuyambira zaka za m'ma 1960 anthu ndi minda zitachuluka mozungulira nyanjayo, ndere zinachuluka, madzi anada, okosijeni wa m'madzi akuya anachepa, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 namasupuni analowerera, kenako m'zaka za m'ma 1990 n'kutseka madoko ngati la Kisumu. Pa Nyanja ya Malawi, kafukufuku amene anachitika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ali ndi likulu lake ku Senga Bay, momwe munali akatswiri monga Harvey Bootsma ndi Robert Hecky, anasonyeza kuti mitsinje yodutsa m'madera olimidwa kwambiri ndi odulidwa mitengo imathira matope ndi michere yambiri m'nyanja kuposa mitsinje yochokera m'nkhalango.

Mitsinje ndi madambo a ku Nkhotakota

Madzi amene amafika kugombe la Nkhotakota amachokera kutali. Mtsinje wa Bua umayambira ku Mchinji, n'kudutsa m'zigwa za fodya ndi chimanga za ku Kasungu, usanatsike kudzera m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Dwangwa amayambira kunkhalango ya Kasungu n'kukathera m'chigwa cha nzimbe, pafupi ndi dambo la Bana. Kaombe amathira kumpoto kwa tauni ya Nkhotakota. Mvula ikagwa mu Januwale ndi Febuluwale, aliyense woima pamilatho ya msewu wa M5 amaona yekha mtundu wa madziwo, ofiira ngati katondo, ndipo kufiirako kumalowa m'nyanja kutali ndithu kuchokera pamathiriro. Dothi limenelo ndi chonde cha minda ya kumtunda, ndipo fosiforasi wambiri amayenda atamatirira kudothilo.

Matope amenewa amavulaza nsomba ngakhale ndere zisanayambe. Mpasa, umene umakwera mtsinje wa Bua nthawi ya mvula kukaswana, umaikira mazira m'timiyala ta pansi pa madzi othamanga. Timiyalato tikakwiririka ndi matope, mazira amafa posowa mpweya. Chambo chimakumba zisa zake pamchenga m'madzi osaya, ndipo ana ake amabisala m'mabango a m'mphepete.

Malo amene amaonetsa bwino nkhani yonseyi ndi nyanja ya Chia, kummwera kwa tauni ya Nkhotakota. Chia ndi thamanda lalikulu la masikweya kilomita pafupifupi 17, lolumikizana ndi Nyanja ya Malawi kudzera pakhwawa limene msewu wa M5 umaoloka, pomwe pali msika wodziwika wa nsomba. Madzi ake amabwera ndi mitsinje ngati Lifuliza ndi Likoa kuchokera kumapiri a Ntchisi. Chia amagwira ntchito ya sefa ya Nyanja ya Malawi: zimene mitsinjeyi yanyamula zimayamba zadikha m'thamandamo ndi m'madambo olizungulira. Koma sefa imene imalandira zambiri imadzadza. Chifukwa chakuti Chia ndi wosaya ndipo madzi ake sasinthana msanga ndi a nyanja yaikulu, matope ndi michere zimaonekera msanga kumeneko. N'chifukwa chake chapakati pa zaka za m'ma 2000 bungwe la Total LandCare ndi anzake, ndi thandizo la USAID, anagwira ntchito yosamalira dera lonse lothira madzi ku Chia, kuyambira kumitengo ndi nthaka ya kumtunda mpaka usodzi wa m'thamandamo.

Apa pali mfundo yofunika kuinena mosapita m'mbali. Dambo lachilengedwe limene lilipo kale ndi lamtengo wapatali kuposa dambo lililonse lochita kupanga. Kugwetsa mabango a pamathiriro a mtsinje kuti pakhale munda wa mpunga kapena gombe la alendo, kenako n'kukumba kadambo ka mamita 20 pambali pake, ndi kusinthanitsa ng'ombe ndi nkhuku. Madambo ochita kupanga malo ake ndi pamene madzi akuda amatulukira pamodzi: kumapeto kwa ngalande yotaya madzi a sikimu ya mthirira, kuseri kwa msika, kumunsi kwa khola kapena dziwe la nsomba, pambuyo pa dzenje la sepitiki la sukulu yogonera komweko, chipatala kapena malo ogona alendo. Mtsinje wonse wa Bua uli wosefukira sungadutsitsidwe m'dambo lokumba ndi makasu. Umenewo mankhwala ake ali kumtunda, m'mizere yotsata akalozera, mu udzu wa vetiva, m'mitengo, ndi m'kuleka kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje.

Zimene zimachitika m'kati mwa dambo

Madzi akalowa pakati pa mapesi a bango ambirimbiri, liwiro lake limatha. Dothi ndi zinyalala zolemera zimadikha pansi. Imeneyi ndiyo ntchito yoyamba, ndipo pa madzi ochokera m'minda ndiyo yaikulu.

Ntchito yachiwiri siioneka ndi maso. Bango, gumbwa ndi njedza zili ndi timipata ta mpweya m'kati mwa mapesi ake, timene timatsitsa okosijeni kuchokera kumasamba kupita kumizu ili m'matope. Pang'ono pa mpweyawo umatuluka m'mizu, kotero pozungulira muzu uliwonse pamakhala kadera kokhala ndi okosijeni, pamene matope oyandikana nawo alibe. Mabakiteriya a pafupi ndi muzu amasandutsa amoniya wa mumkodzo ndi mu feteleza kukhala nayitireti. Nayitireti akasefukira m'matope opanda okosijeni, mabakiteriya a mtundu wina amamusandutsa mpweya wa nayitirojeni umene umakwera m'mwamba. Kumeneko sawononga kanthu, pakuti magawo 78 mwa 100 a mpweya umene anthu amapuma ndi nayitirojeni yemweyo. Ntchito ya mabakiteriyawa imafulumira kukatentha, ndipo pamenepa madera a m'mphepete mwa nyanja ali ndi mwayi umene mayiko ozizira alibe: dambo limagwira ntchito chaka chonse.

Fosiforasi ndi wina. Alibe njira yothawira m'mwamba. Akalowa m'dambo, amadikha limodzi ndi matope, kapena amamatirira kudothi lokhala ndi chitsulo monga katondo ndi zidutswa za njerwa zootcha, kapena amayamwidwa ndi zomera. Konseko amakhala kuti wangosungidwa, sanachoke. Dothi limafika pokhuta n'kuleka kugwira. Zomera zikauma n'kuwolera momwemo zimabweza zimene zinayamwa. Motero dambo limene lakhala zaka zambiri osadulidwa, osachotsedwa matope, limatha kusanduka gwero la fosiforasi yemwe linamangidwira kuti ligwire. Nayitirojeni amachoka yekha, koma fosiforasi amafuna munthu womunyamula, ndi chikwanje ndi fosholo, kubwerera naye kumunda kumene anachokera. 

Pa kuchuluka kwa zimene dambo lingachotse, zotsatira za m'mayiko ambiri zimasonyeza kuti dambo lokonzedwa bwino limagwira matope ndi zowola zochuluka kwambiri, koma pa nayitirojeni ndi fosiforasi kawirikawiri limachotsa pafupifupi theka. Theka si pang'ono, komanso si zonse. Wolonjeza kuti dambo lidzatulutsa madzi akumwa akunama.

Njirayi si yatsopano. M'zaka za m'ma 1950 katswiri wa zomera wa ku Germany, Käthe Seidel, anayamba kuyesa kuyeretsa madzi akuda ndi zomera za m'dambo. Ku Hungary anabwezeretsa dambo la Kis-Balaton m'zaka za m'ma 1980 kuti lisefe mtsinje wa Zala usanathire m'nyanja ya Balaton. Ku Florida, m'dziko la America, kuyambira zaka za m'ma 1990 anamanga madambo oposa mahekitala 20,000 kuti agwire fosiforasi wochokera makamaka m'minda ya nzimbe asanafike m'dambo lotetezedwa la Everglades, chitsanzo choyenera kuchiganizira kudera la nzimbe ngati Dwangwa. Kufupi ndi kuno, ku Uganda, dambo la gumbwa la Nakivubo lakhala likusefa madzi akuda a mzinda wa Kampala asanalowe m'nyanja ya Victoria, ndipo mphamvu yake yakhala ikuchepa pamene anthu akulilowerera ndi nyumba ndi minda.

Zomera zoyenera ndi zoletsedwa

Lamulo lake ndi limodzi: chobzalidwa m'dambo chikhale chimene chikumera kale m'deralo.

Bango ndilo lodalirika kwambiri. Mizu yake imalowa pansi ndi kutambalala, limapirira madzi akachepa m'chilimwe, ndipo msika wake ulipo kale, pakuti mphasa, mipanda ndi zithandala zoyanikira usipa zimafuna bango chaka chilichonse. Gumbwa amakula msanga kuposa zonse ndipo amayamwa michere yambiri, koma amafuna madzi osaphwa. Malo amene amauma mu Okutobala samuyenera. Mizu yake imalukana n'kuyandama ngati chiphasa, ndipo madzi amatha kudutsa pansi pake osakhudzana kwenikweni ndi mizuyo ngati dambo lakumbidwa lakuya mopitirira. Njedza, imene anthu a ku Chilwa amaidziwa bwino, imapirira madzi akuda kwambiri, kotero imayenera pafupi ndi polowera madzi. Vuto lake n'lakuti imalanda malo a zinzake ndipo masamba ake akagwa amatseka njira ya madzi ngati siidulidwa. Mlulu umachita bwino m'mbali mosaya. Pamilambala yozungulira dambo, vetiva ndi nsenjere zimagwira dothi kuti lisagumukiremo. Dambo losakaniza mitundu iwiri kapena itatu limapirira kuposa la mtundu umodzi.

Namasupuni asabzalidwe, asasungidwe, asasamutsidwe. N'zoona kuti amayamwa michere mwachangu, ndipo mabuku ena a kunja amamutchula pakati pa zomera zoyeretsa madzi. Koma chomerachi, chimene kwawo ndi ku South America, chimatha kuwirikiza kuchuluka kwake m'masabata awiri okha madzi akakhala ndi michere, ndipo mbewu zake zimakhala zamoyo m'matope zaka zambiri. Dziko la Malawi likulipira kale mtengo wake pa Shire, kumene zomera zoyandama zimatchingidwa ndi kuchotsedwa ku Liwonde kuti zisakatseke makina opangira magetsi ku Nkula ndi kumunsi kwake. Madzi osefukira a usiku umodzi akwanira kutulutsa namasupuni m'dziwe la munthu n'kumufikitsa ku Chia. Chimodzimodzi nsomba: ngati padziwe lotsiriza paikidwa nsomba zodya mphutsi za udzudzu, zikhale za m'dera lomwelo monga makumba, popeza malamulo a usodzi saloleza kulowetsa nsomba zachilendo m'madzi a dziko lino popanda chilolezo.

Mitundu iwiri, kukula ndi malo

Pali dambo la madzi oonekera, ndi dambo la madzi obisika. Loyambalo limafanana ndi munda wa mpunga: madzi akuya masentimita 20 mpaka 40 amayenda pamwamba pa dothi pakati pa zomera. Ndi lotsika mtengo, ndipo limayenera madzi ambiri osada kwenikweni, monga otuluka m'minda ndi m'maiwe a nsomba. Lachiwirilo ndi dzenje lakuya pafupifupi masentimita 60 lodzadzidwa ndi miyala ing'onoing'ono yotsukidwa, zomera n'kubzalidwa pamiyalapo, madzi n'kumayenda masentimita angapo pansi pa miyala yapamwamba. Limadya ndalama zambiri kaamba ka miyalayo, koma silinunkha, udzudzu suswana, nkhono za likodzo sizipeza pokhala, ndipo mwana sangagweremo. M'boma ngati Nkhotakota, kumene malungo ndi likodzo ndi matenda a tsiku ndi tsiku, madzi ochokera m'zimbudzi, m'mabafa ndi m'misika, pafupi ndi nyumba za anthu, ayenera dambo la madzi obisika basi.

Mitundu yonse iwiri imafuna poyambira podikhitsa matope. Kwa madzi a m'minda, limeneli ndi dziwe lakuya mita imodzi kapena kuposerapo, losavuta kulifikira ndi wilibala. Kwa madzi a m'zimbudzi ndi dzenje la sepitiki. Dambo la miyala lolandira madzi osadikhitsidwa limatsekeka m'miyezi yowerengeka, madzi n'kuyamba kuyenda pamwamba.

Kukula kwake kumachokera pa funso limodzi: madzi akhalamo masiku angati? Masiku asanu kapena sabata imodzi ndiye muyeso wofala. Mwachitsanzo, msika wotaya malita 5,000 patsiku ufuna dambo losunga malita 25,000 kuti madzi akhale masiku asanu. M'dambo la madzi oonekera akuya masentimita 30, amenewo ndi masikweya mita oposa 80 pang'ono. M'dambo la miyala lakuya masentimita 60, popeza madzi amangokhala m'mipata ya miyala, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, pafunika masikweya mita pafupifupi 120, monga mamita 6 m'lifupi ndi 20 m'litali. Ku Ulaya muyeso wakale wa madzi a m'nyumba ndi masikweya mita asanu pa munthu mmodzi; kotentha ungachepe, koma kuchepetsako kuwerengedwe ndi katswiri. Pa madzi ochokera m'minda, malangizo a m'mayiko ambiri amaika dambo pakati pa gawo limodzi ndi magawo asanu mwa 100 a malo othira madzi mmenemo, kutanthauza kuti sikimu ya mahekitala 50 iyenera kupatula pafupifupi hekitala imodzi. Hekitala imeneyo imapweteka kuipereka, ndipo nkhani yake iyenera kukambidwa ndi mafumu ndi eni minda khasu lisanagwe pansi.

Dambo likhale lalitali kuposa m'lifupi mwake, madzi alowe motambalala m'mbali yonse ya kumutu, osati pa paipi imodzi pakona, chifukwa madzi amasankha njira yaifupi n'kusiya mbali yaikulu ya dambo ikungokhala. Pansi pakhale potsetsereka pang'ono kwambiri, pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse. Nthaka ya m'mphepete mwa nyanja ndi yamchenga ndipo madzi apansi ali pafupi, kotero pansi pa dambo la madzi a m'zimbudzi payenera kutsinyiridwa dongo kapena kuyalidwa pulasitiki wokhuthala, ndipo likhale kumunsi kwa chitsime kapena mjigo, mamita osachepera 30. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unakhudza kwambiri maboma a m'mphepete mwa nyanja, unasonyeza zimene zimachitika zonyansa zikakumana ndi madzi akumwa.

Posankha malo, nkhani ya madzi osefukira isaiwalike. Chakumapeto kwa Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira n'kusamutsa anthu masauzande ambiri, ndipo chaka chomwecho nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete. Dambo lomangidwa pamene madzi otere amafika limakokoloka pamodzi ndi matope onse amene linasunga zaka zingapo. Akuluakulu a m'mudzi amadziwa pamene madzi anafikapo m'zaka zoipa. Dambo likhale kumtunda kwa malirewo, ndipo likhale ndi ngalande yolambalalitsa madzi a mvula yamphamvu.

Kubzala, kudula ndi kuchotsa matope

Mbewu zake ndi zidutswa za mizu zokhala ndi maso awiri kapena atatu, zozulidwa mosamala m'dambo lapafupi popanda kuligwetsa. Zinayi pa sikweya mita iliyonse zikwanira. Poyamba madzi akhale ochepa, ongonyowetsa, kufikira mphukira zitatalika. Zikamizidwa zili zazing'ono zimafa. Pakapita miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, dambo limakhala litatseka. Mbuzi ndi ng'ombe zimakonda mphukira za bango, kotero mpanda ndi wofunika kuyambira tsiku loyamba.

Kudula kuchitike kamodzi pachaka m'chilimwe, gumbwa ngakhale kawiri, zomera zisanaume n'kugwera m'madzi. Mapesi adulidwe pamwamba pa madzi, chifukwa odulidwa pansi pa madzi amalowa madzi m'timipata take ndipo mizu imafa posowa mpweya. Si bwino kudula dambo lonse tsiku limodzi. Chigawo chimodzi chitsale kuti ntchito yosefa isaime ndiponso mbalame zisasowe pobisala. Zodulidwazo zichotsedwe ndithu, zisaunjikidwe pamlambala. Kutentha dambo, monga amachitira ena pofuna msipu kapena mbewa, kumasiya fosiforasi yense m'phulusa, ndipo mvula yoyamba imamutengera kunyanja.

Dziwe lodikhitsa matope lifukulidwe chaka chilichonse mvula isanayambe, mu Seputembala kapena Okutobala. Matope ochokera m'madzi a m'minda ndi dothi lachonde lokhalokha, ndipo akhoza kubwezedwa m'munda pomwepo. Ochokera m'madzi a m'zimbudzi aunjikidwe padera, akwiriridwe ndi kusiyidwa chaka chathunthu kapena kuposerapo, kenako athiridwe kumitengo, osati kumasamba odyedwa osaphika. Ogwira ntchitoyi avale nsapato za jombo ndi magolovesi. Bango la m'dambo la madzi a m'minda ndi labwino pa ntchito zonse. La m'dambo la zimbudzi ligwiritsidwe ntchito pa mipanda ndi manyowa, osati pa zithandala zoyanikira nsomba. Gulu losamalira dambo likaloledwa kugulitsa bango ndi kugawana matope achonde, ntchitoyi imapeza eni ake. Dambo lopanda phindu kwa wina aliyense limasiyidwa pulojekiti ikangotha.

Pali zina zimene dambo silingathe. Oyilo wa injini za maboti, mankhwala ophera tizilombo ndi udzu, mchere wochuluka ndi mapulasitiki zimapha mabakiteriya ndi zomera kapena kungodutsa osasinthika. Madzi a m'fakitale ayenera kuyamba ayeretsedwa ndi njira zina, dambo n'kukhala lotsirizira chabe. Madzi otuluka m'dambo angathirire mitengo, nthochi kapena nsenjere, koma si akumwa, si osamba, ndipo si otsukira nsomba zogulitsa.

Malamulo ndi kopezera uphungu

Lamulo la za madzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, limene limapereka zilolezo zopatutsa madzi ndi zotayira madzi ogwiritsidwa kale ntchito mumtsinje kapena m'nyanja. Kukhala ndi dambo sikuchotsa udindo wotenga chilolezo chimenechi. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, limene limaunika ntchito zokhudza madambo ndi magombe zisanayambe. Lamulo la usodzi la 1997 limapereka gawo kwa makomiti a m'madoko posamalira malo oswanirana nsomba, ndipo mabango a m'mphepete mwa nyanja ali m'gulu la malo amenewa. Dziko la Malawi lilinso m'pangano la Ramsar loteteza madambo, limene pansi pake muli nyanja ya Chilwa ndi dambo la Elephant Marsh.

Alimi, magulu a mthirira, makomiti a misika ndi eni malo ogona alendo amene akuganiza zokonza dambo ayambire ku ofesi ya zachilengedwe ya khonsolo ya boma la Nkhotakota, kwa alangizi a zaulimi ndi osamalira nthaka a m'dera lawo, kapena ku ofesi ya zausodzi. Popita kumeneko atenge chithunzi cha malowo, muyeso wa madzi otayidwa patsiku, mtunda wofika kuchitsime chapafupi, ndi umboni wa mgwirizano wa eni malo. Dambo likayamba kugwira ntchito, madzi a polowera ndi a potulukira ayezedwe kawiri pachaka, pakati pa dzinja ndi kumapeto kwa chilimwe, ndipo zotsatira zake zisungidwe m'kaundula pamodzi ndi masiku amene zomera zinadulidwa ndi amene matope anachotsedwa. Fosiforasi wa potulukira akayamba kufanana ndi wa polowera, ndiye kuti dothi kapena miyala ya m'dambomo yakhuta ndipo yafika posinthidwa.